Voti ya Nyumba Yotsekedwa

Basi ya Lachiwiri masana inatsitsa munthu mmodzi yekha pa Portavarra. Anali mwamuna wamtali, wovala jasi yobiriwira yoperepeseka m'zigongono, ndipo katundu wake yense anali chikwama chimodzi chapamsana. Panalibe womuchingamira. Basi itatembenuka n'kuchoka, iye anangoima chilili, mvula yowaza ikumunyowetsa tsitsi, maso ali pamsewu wokwera kuphiri ngati akudikira kuti msewuwo uyambe ndiwo kumulonjera.

Dervla Hession ankaona zonsezi ali pakhonde la sitolo, atakumbatira mtolo wa mapositala a kampeni umene unabwera pa basi yomweyo. Anamutuma ndi bambo ake. Kunali kutatsala masabata atatu kuti anthu asankhe makhansala, ndipo mzati uliwonse wamagetsi m'mudzimo unali utavala kale nkhope ya Ultan Loftus, mano ali mbee.

Mphepo yochokera kunyanja inasolola positala imodzi n'kuiulutsa. Inakwawa pamsewu mpaka mlendoyo anaiponda ndi nsapato.

"Pepanitu bambo," anatero Dervla akuthamangira, "mwaponda pamphuno pa khansala wathu wamawa."

Mlendoyo anayang'ana pansi. "Akumwetulirabe. Ndale akuzidziwa ameneyu."

Dervla anangozindikira waseka. Mlendoyo anatola positala ija, kuipukuta ndi mkono wa jasi, n'kumupatsa. Maso ake anali otuwa ngati nyanja ya m'nyengo yozizira, ndipo ankayang'ana munthu mosafulumira.

"Mwabwera kwa yani kuno?"

"Kwa aliyense amene ali ndi chipinda cha lendi."

"Pamwamba pa sitolo pano chilipo. Nanga dzina?"

Anachedwa kuyankha. Kanali kanthawi kochepa chabe, koma Dervla sanaphonye kuchedwako.

"Senan."

"Senan yani?"

"Kwa lero limenelo likukwanira."

Dervla anabwerera kwawo mtolo uli pachifuwa, mtima ukugunda ngati waba chinachake. Kuyambira ali mwana ankakonda zinthu zotseka: makalata osatsegula, mabokosi a m'denga, anthu osamaliza nkhani. Tsopano chinsinsi chathunthu chinali chitatsika basi, chitavala jasi yobiriwira.

* * *

A Malachy Hession, bambo ake a Dervla, ankawerenga kaundula wa ovota monga ena amawerengera Baibulo. Kwa zaka makumi atatu anali dzanja lamanja la Loftus wamkulu, ndipo mkuluyo atapuma, iwo anatembenukira kwa mwana wake Ultan. Tebulo la kukhitchini kwawo silinkaoneka thabwa lake nthawi ya chisankho.

"A Conneely onse asanu ndi athu," anatero akulemba ndi pensulo, "kupatula mpongozi uja wa ku Cork. Ameneyo polemba manambala papepala lovotera, wani apereka kwa namwino Gaughan, wopikisana nafe uja, koma thuu ndi yathu. Ndinanyamula bokosi la mayi ake pamaliro, mvula ili pamsana."

"Mwina anthu asintha maganizo, Adadi."

"Pano munthu amavota monga ankavotera agogo ake. Wosintha maganizo timamudziwa ndi kayendedwe. Ulendo watha tinapambana ndi mavoti asanu ndi anayi okha, Dervla. Asanu ndi anayi! Chaka chino ndi zothina kuposa pamenepo."

"Musandiuze ine zimenezo. Ndinalumbira. Kalaliki wa pamalo ovotera sakhala ndi mbali, ndipo mapositala anu aja sindinayenere ngakhale kuwagwira."

"Ndani anakuyankhulira kuti upeze ntchitoyo? Khala pamenepo ndi rula yako, uzidula mayina. Palibe angakaikire mwana wa Hession."

A Nuala, mayi ake a Dervla, anaika ketulo pamoto mwamphamvu kuposa mmene zimafunikira. Iwowa anali asanavote kwa zaka khumi ndi ziwiri. Tsiku la chisankho likafika, mutu unkawadzukira.

Chitseko chinatseguka popanda odi. Analowa Ultan, suti yake ikununkhira mafuta odula, n'kupsompsona a Nuala patsaya.

"Mayi Loftus amawa ali bwanji?" anafunsa akuyang'ana Dervla.

"Ukawapeza uwafunse," anayankha Dervla.

Awiriwa anakhalapo pachibwenzi chaka chimodzi. Dervla anachithetsa dzinja lapitalo, koma Ultan ankaona kukanidwako ngati voti yolembedwa molakwika, yoti akawerenganso ipezeka yake.

"Anthu sakhulupirira khansala wogona yekha," anatero a Malachy osadzutsa mutu. "Tikapambana, nkhani ya inu awiri tiikonze. Wansembe ndamutsina kale khutu."

"Adadi!"

"Pali china," anatero Ultan akudzithirira tiyi. "Munthu wafika pamwamba pa sitoloyo. Akuti akungoyendayenda kuwerenga mapositala anga. Wamufunsa dzina wasitolo, wangoti Senan. Munthu wanji wopanda dzina la bambo ake?"

A Malachy anavula magalasi. "Mlendo wobwera nthawi ya chisankho sabwera kudzaona mbalame. Iwe Dervla, usamuyandikire."

Dervla anaweramira kapu yake kuti asaone kuti masaya ake atentha.

* * *

Nyumba ya a Devane inali pamapeto pa msewu wokwera kuphiri, mazenera atakhomedwa matabwa, udzu utafika m'chiuno. Dervla ankakonda kukhala pampanda wake wamiyala n'kumaonera mabwato akubwerera padoko. Lachinayi anapeza Senan atakhala kale pamalo ake.

"Mwakhala pamwala wanga," anatero.

"Sindinaone dzina."

"Inuyo ndiye mungakambe za mayina?"

Senan anaseka n'kusendera. Tsiku limenelo anacheza mpaka mvula inawathamangitsa. Mawa lake Dervla anabwera ndi fulasiki ya tiyi ndi makapu awiri, akudziuza kuti kapu yachiwiriyo yangolowa yokha m'chikwama. Pofika sabata yachiwiri "inu" anali atasanduka "iwe", ndipo jasi yobiriwira ija inkafunda mapewa a anthu awiri. Senan ankamvetsera ngati mawu a Dervla ndi madzi a m'chilimwe. Ankadziwa mayina a mbalame za kunyanja, ankadana ndi mkaka mu tiyi, ankaimba mluzu akamaganiza. Koma akafunsidwa za kwawo, ankatola kamwala n'kukaponya kutali.

"Eni nyumbayi anapita kuti?" anafunsa tsiku lina.

"Bambo Devane anamira ndi bwato lawo ine ndili ndi zaka zitatu. Mayi anatenga mwana wawo n'kupita ku Dublin, makiyi n'kusiyira adadi. Makalata akabwera kuno, amadzatenga ndi adadi."

"Sanabwerenso?"

"Mayiwo ayi, ndinamva kuti anamwalira. Koma mwanayo, Lorcan, amabwera pa chisankho chilichonse. Amafika m'mamawa, kuvota, n'kubwerera osamwa ndi tiyi yemwe."

Kapu ya Senan inaima panjira yopita kukamwa.

"Unamuonapo?"

"Ayi. Zisankho zapitazi ndinali kusukulu ku Galway, ndinkafika madzulo iye atapita kale. Adadi amati ndi mwana wokumbukira kwawo."

"Wokumbukira kwawo," anabwereza Senan pang'onopang'ono.

"Usandiseke, koma ndili wamng'ono ndinkati ndidzakwatiwa ndi mwini nyumba ino. Ndinkati tidzachotsa matabwawo, chitseko tidzapaka penti yofiira. Chaka chino ndimuona ndi maso anga, popeza dzina lake ndikalidula ndine."

Senan sanaseke. Anamuyang'ana nthawi yaitali, nkhope yake ili ngati ya munthu amene waponda minga koma sakufuna kukuwa. Kenako anagwira dzanja la Dervla n'kuliika pachifuwa pake.

"Chilichonse chimene udzamve za ine," anatero, "udzakumbukire kuti uwu sunakunamize."

"Ndiye kuti pali china chimene chandinamiza?"

Yankho lake linali kumupsompsona. Dervla anatsika phiri, koma funso lake anatsika nalo losayankhidwa, ndipo linkamuyabwa ngati kamwala ka mu nsapato.

* * *

Lamulungu, Misa itatha, anthu a Ultan anaika tebulo pachipata cha tchalitchi ndi mabaketi awiri osonkhera ndalama za kampeni. Aliyense wotuluka ankaponyamo kenakake, ngakhale amene mumtima anali a Gaughan, chifukwa a Malachy anali ataima pambali n'kumaona dzanja lililonse.

Senan anatulukira chakumsewu, manja ali m'matumba.

"Achimwene opanda dzina!" anakuwa Ultan kuti onse amve. "Ponyanimo kandalama ka yuro imodzi, mwina tingakukonzereni msewu wobwererera kwanu."

"Ndikanaponya," anayankha Senan, "koma ndikuona kuti simukusowa. Ndawerenga mapositala mazana anayi kuchokera padoko mpaka pamlatho. Mabaketi awa ndi odala ndithu ngati anabereka onsewo."

Ena anaseka chobisa. Kumwetulira kwa Ultan kunakhalabe pamalo pake, koma makutu ake anafiira. Dervla anamva kenakake kakugwa pambali pake. Inali korona ya mayi ake. A Nuala anali ataima njo, maso ali pa Senan amene ankachoka, phewa lake lakumanzere litatsika pang'ono monga ankayendera nthawi zonse.

"Amayi, mwatani?"

"Palibe. Mutu wayamba msanga chaka chino."

Ultan anagwira Dervla pachigongono n'kumukokera kuseri kwa mpanda wa manda.

"Anthu akuona, ukudziwa? Fulasiki, makapu awiri, kukwera phiri tsiku ndi tsiku."

"Ndisiye mkono. Sindine mzati wako woti upachikepo nkhope."

"Tamvera, wopusa iwe. Ameneyo ndi mtolankhani, apo ayi kazitape wa Gaughan. Wamva zimene wanena? Akununkhiza maenvelopu."

Dervla anazizidwa. Ankawadziwa maenvelopuwo. Mwini hotela ya kugombe, amene ankafuna chilolezo chomanga pafupi ndi doko, anapereka mphatso yaikulu ku kampeni. Pofuna kuti dzina lake lisalembedwe poyera monga lamulo limafunira, anaigawa m'timaenvelopu ting'onoting'ono, kalikonse kali ndi dzina la wantchito wake. Onsewo anatsegulidwira patebulo la kukhitchini kwa a Hession.

"Ukuganiza kuti wakonda maso ako?" anapitiriza Ultan. "Wakonda tebulo la kwanu. Chikomekome cha mkuyu, Dervla. Bambo ako akalowa m'mavuto, udzadziwe kuti chitseko unatsegula ndiwe."

Dervla anadzimasula n'kuthamangira kumsewu. Senan anali patsogolo, mtunda woti mwala utha kufika.

"Senan!"

Sanacheuke.

"Senan! Senan!"

Galu wa a Conneely anadzutsa mutu. Mayi wina wokankha njinga anacheuka. Koma mwamuna wa jasi yobiriwira ankangoyenda akuimba mluzu, ngati dzinalo ndi la munthu wina.

* * *

Uthenga woyamba wa pafoni wopita kwa Senan, Dervla anaulemba kasanu n'kumaufufuta. Wachisanu ndi chimodzi anautumiza.

"Ndakuitana katatu. Ngakhale galu anacheuka."

Yankho linabwera msanga. "Pepa. Maganizo anali kutali."

"Munthu maganizo angapite kutali bwanji, dzina lake salisiya m'mbuyo. Dzina lako ndani?"

Timadontho tosonyeza kuti akulemba tinaoneka, tinazima, tinaonekanso. Dervla anafuna kuponya foniyo pakhoma.

"Tikumane padoko mawa 10 koloko."

"Ndafunsa dzina, sindinafunse nthawi."

"Chonde, Dervla."

Lolemba m'mawa doko linali lopanda anthu, mabwato atapita kale. Senan anali atakhala pamulu wa zingwe. Ataona Dervla anaimirira n'kutambasula dzanja, koma mtsikanayo anapinda manja pachifuwa.

"Senan si dzina langa," anatero mwamunayo. "Ndinaliwerenga pachikwangwani cha tchalitchi china tikudutsa pa basi."

"Masabata atatu! Ndakuuza maloto anga onse, ndakuuza mpaka za penti yofiira, iwe n'kumandipatsa dzina la pachikwangwani? Ultan ananena zoona. Ngati wabwerera maenvelopu a kuhotela, ukanangofunsa, osati kudzera pamilomo yanga!"

Mwamunayo anakwinya nkhope. "Maenvelopu ati?"

Dervla anagwira pakamwa. Mphepo inaomba, zingwe za mbendera zinalira pamizati. Chinsinsi chimene ankaopa kuti aberedwa anali atachipereka yekha, ndi manja awiri.

"Mayo ine," ananong'ona. "Taona zimene wandichititsa."

"Sindinamve kanthu. Sindine mtolankhani, ndipo namwino Gaughan sindinamuonepo. Za mapositala ndinangofuna kumutsitsa mapewa mnzako uja."

"Nanga ukufuna chiyani kuno?"

"Pali chinthu changa chimene munthu wina wakhala akugwiritsa ntchito zaka zambiri ine osadziwa. Ndinazindikira mwezi watha. Ndinabwera kuti ndimugwire ndi manja anga, ndimuchititse manyazi pamaso pa mudzi wonse. Kenako mphepo inaulutsa positala."

"Usandinyengerere ndi mawu okoma. Chinthu chanji? Munthu wake ndani?"

"Ndidzakuuza Lachisanu, tsiku la chisankho."

"Bwanji osati pano?"

"Chifukwa ndikufuna kumupatsa mpata woti chaka chino asachigwire. Dzulo madzulo ndayankhula ndi munthu wina amene angamuchenjeze. Akachisiya, ndidzabwera kwa iwe ndi dzina langa, nkhani n'kuthera pomwepo, osavulala aliyense. Ndikakuuza lero, ndikusenzetsa mtolo umene sungathe kuutula."

"Aliyense m'mudzi muno amandisankhira zoti ndisenze! Adadi andisankhira mwamuna, Ultan wandisankhira dzina, iwenso ukundisankhira zoti ndidziwe." Misozi inali itayamba, ndipo zimenezo zinamukwiyitsa koposa. "Chabwino. Lachisanu. Bokosi la mavoti likadzatsekedwa ndisanamve dzina lako lenileni, udzakwere basi yako, ndipo usadzandilembere ngakhale kadontho."

Anachoka osacheuka. Masiku atatu otsatirawo sanakwere phiri. Foni inkalira, iye n'kumaitembenuza chafufumimba. Uthenga umodzi wokha ndi umene anawerenga: "Mwala wako ndikukusungira." Anauwerenga kakhumi, koma sanayankhe.

* * *

Lachisanu kunacha kopanda mtambo. Dervla akumanga nsapato, a Nuala anatuluka kuchipinda atamanga kansalu konyowa pamphumi. Maso awo anali ofiira. Usiku wonse Dervla ankamva makolo ake akukangana motsitsa mawu, koma sanagwirepo liwu.

"Mwana wanga," anatero a Nuala atamugwira mkono, "lero uzifunsa chiphaso kwa aliyense amene sukumudziwa. Aliyense. Ngakhale atabwera ndi bishopu."

"Bwanji, Amayi?"

"Nuala!" anakuwa a Malachy ali pagalimoto. "Musiye mwanayo, tichedwa!"

A Nuala anamasula dzanja n'kubwerera kuchipinda.

Malo ovotera anali m'kalasi ya ana aang'ono pasukulu ya pulaimale. Pakhoma panali zithunzi za nsomba zojambula ndi makrayoni. Mayi Tuohy, mphunzitsi wopuma amene ankayang'anira malowo, anakhala pafupi ndi bokosi n'kumadinda mapepala ovotera. Dervla anakhala pambali pawo ndi kaundula, rula ndi pensulo. Munthu akatchula dzina, iye ankalipeza n'kulidula ndi mzere, kusonyeza kuti wavota. Kumapeto kwa tebulo kunakhala a Malachy, nthumwi ya Ultan, ntchito yawo ili yoonetsetsa kuti pasapezeke wovota m'dzina la mnzake.

Galimoto ya Ultan inkangopita n'kubwera, kututa nkhalamba za m'mafamu.

"Dervla, wakula bwanji! Ukwati liti?" anafunsa agogo ena a kwa Conneely.

"Mukavota kaye, agogo."

"Ndauzidwa kale polemba wani. Bambo akowa anabwera katatu, mpaka nkhuku zanga zikuwadziwa."

Itangokwana hafu pasiti eyiti, kunalowa mwamuna wamfupi wa ndevu zofiira, chipewa chitatsikira m'maso. Anaika patebulo khadi yoitanira ovota, ija imabwera papositi.

"Lorcan Devane," anatero motsitsa.

Mtima wa Dervla unadumpha. Uyu ndiye mwini nyumba ya maloto ake? Munthuyo ankanunkha fodya, ndipo maso ake ankangothawira kuchitseko. Dervla anatsegula tsamba lachitatu. Nambala 147, Devane, Lorcan. Mawu a mayi ake anamubwerera.

"Muli ndi chiphaso chilichonse, bambo? Laisensi kapena pasipoti?"

Munthuyo anayamba kupapasa m'matumba. A Malachy anatsokomola n'kuseka mokweza.

"Iwe Dervla, ukufuna kutichititsa manyazi? Uyu ndi mwana wa malemu Devane, ndinamunyamula ali khanda. Wayenda ulendo wonse kuchokera ku Dublin kuti adzafunsidwe mapepala kwawo komwe? Mayi Tuohy, si yemweyu amabwera nthawi zonse?"

Mayi Tuohy anasuzumira pamwamba pa magalasi. "Ndevuzi ndikuzikumbukira. Ngati a Hession akumudziwa, tisachedwetse mzere."

Kumbuyo kunali anthu asanu ndi mmodzi akudikira. Bambo ake ankamuyang'ana ndi maso aja ankamuyang'ana nawo ali mwana akakana kudya. Dervla anaika rula pansi pa chala, nakoka mzere wowongoka bwino pa nambala 147. Wandevu uja anavota mofulumira n'kutuluka osatsanzika.

"Mwana wabwino," anatero a Malachy.

* * *

Tsiku linayenda pang'onopang'ono ngati ng'ombe yokalamba. Chitseko chikatseguka, Dervla ankadzutsa mutu, n'kupeza ndi mlimi wina kapena mayi wa mwana kumanja. Pa nthawi yopuma anayang'ana foni. Munali uthenga umodzi, wotumizidwa 9 koloko m'mawa: "Ndinali pampanda wa sukulu. Ndaona. Pepa, Dervla." Waona chiyani? Akupepesa chiyani? Analemba kuti, "Ndatopa ndi miyambi yako," koma sanatumize.

Cha m'ma 5 koloko dzuwa linali likadali pamwamba, likuwala pa nsomba za pakhoma zija. Anthu ochokera kuntchito anadzaza kalasi. Ultan anaima pakhomo, atagwiriziza nkhalamba ina pamkono, n'kumutsinzinira Dervla diso.

Pamenepo m'pamene anaona jasi yobiriwira. Mwini wake sanabwere chakumbali ngati munthu wodzapereka uthenga. Anaima pamzere, pakati pa wasitolo ndi mkazi wa kwa Conneely, n'kumasendera limodzi ndi ena onse.

"Akutani uyu muno?" anafunsa Ultan mokweza. "Muno ndi mwa ovota, achimwene. Kokwerera basi ndi uko."

Mwamunayo atafika patebulo, Dervla anaweramira kutsogolo, atadzazidwa ndi mkwiyo wosakanikirana ndi chimwemwe chimene sanachifune.

"Ano si malo ake," ananong'ona. "Dikira panja, tikatseka."

"Ndi malo ake enieni. Unati bokosi lisanatsekedwe." Mawu ake anali otsika, otopa. "Ndakhala paphiri tsiku lonse kufunafuna njira ina. Ndikakwera basi osanena, ndataya iwe. Ndikanena kuseri, ndiye kuti ndakupempha kuti ubise mlandu pamodzi nane, iwe utalumbira. Mayi ako anayesetsa, Dervla. Anandizindikira ndi kayendedwe ka bambo anga."

Mpando unakhuluzika kumapeto kwa tebulo. A Malachy anali ataimirira, nkhope ili mbuu ngati phulusa.

"Mnyamata iwe," anatero, "tiye tikambirane panja. Ndife anthu amodzi. Dervla, mwana wanga, muuze atuluke."

Dervla anayang'ana bambo ake. Chibadwire anali asanawaonepo akuchita mantha.

"Dzina lanu, bambo?" anafunsa Mayi Tuohy, chidindo chili m'manja.

Mwamunayo anatulutsa pasipoti m'thumba la jasi n'kuiika patebulo, koma maso ake sanachoke pa Dervla.

"Tsamba lachitatu," anamuuza chapansipansi. "Nambala 147."

Chala cha Dervla chinatsika ndi tsambalo chokha, ngati si chake. Chinadutsa a Conneely, chinadutsa a Daly, n'kukaima pa mzere wapensulo, wowongoka bwino, umene anaukoka yekha m'mawa uja. Ngakhale Ultan pakhomo paja anasiya kumwetulira.

"Ndati dzina lanu, bambo," anabwereza Mayi Tuohy.

"Lorcan Devane," anatero. "Mwini nyumba ya pamapeto pa msewu wokwera kuphiri. Ndabwera kudzavota koyamba."